Chotupa cha pa Phewa la Mphika

Pa chilumba chino mwamuna akakhala kuti sali m'boti la nkhanu, ndiye kuti ali pa Ardskellan, pamene amatcheza wisiki. Lachlan MacAskill anayamba ntchito pamenepo ndevu zisanamere bwino, akugubuduza migolo, ndipo pofika chaka chimene zinachitika izi imvi zinali zitam'tenga mutu wonse. Iye ndiye anali wotcheza wamkulu.

Miphika yotchezera inalipo iwiri, yonse ya mkuwa, ya makosi aatali opindika. Waung'ono unkatcheza kachiwiri, ndipo pamenepo ndi pamene Lachlan ankapatula mutu ndi mchira, ndiye kuti wisiki woyamba ndi wotsiriza kutuluka, n'kusiya wapakati, mtima wokha, kuti upite m'migolo. Waukulu unkalandira mowa wa chimera cha balere ukangomaliza kuwira, ndipo anthu ankautcha Nkhalamba. Pansi pake anasinthapo kangapo, khosi nalonso, koma phewa linali lomwe lija la makedzana. Pa phewa limenelo, pafupi ndi kachitseko kolowera otsuka, panali chotupa chachikulu ngati mbale yovundikira. Lachlan ankachipukuta ndi nsanza pamodzi ndi mkuwa wina wonse, ndipo sanaganizepo zofunsa za icho.

Koma mkuwa umatha. Nthunzi imaudya pang'onopang'ono, ndipo chaka chimenecho phewa la Nkhalamba linapyapyala mpaka bwana wa pamalopo, a Drummond, anaitana wosula kuchokera kumtunda. Inali miyezi yotentha, pamene mtsinje umaphwa ndipo moto umazimitsidwa kuti anthu akonze zowonongeka. Wosulayo anafika pa sitima ya m'mawa. Anali mayi wamfupi wa zikhatho zolimba, dzina lake Ishbel Rennie, ndipo anakana tiyi mpaka ataona kaye mphikawo.

"Mayi Rennie, tigwirizane chinthu chimodzi," anatero a Drummond. "Phewa latsopano lifanane ndi lakaleli. Chilichonse. Mpaka chotupachi."

"Ndiye mukufuna ndikusulireni chinthu chabwinobwino, kenako ndichiwononge ndi manja angawa?"

"Eya basi. Nthunzi ikamakwera imagunda pamenepa, ina n'kubwerera pansi. Ndani akudziwa kuti kukoma kwathu kumachokera pati? Ine sindikufuna kudzatchedwa bwana amene anasintha wisiki wa Ardskellan."

Ishbel anaseka, n'kutenga tochi, n'kudzilowetsa pa kachitseko kaja miyendo patsogolo. Lachlan anaima panja akumva mayiyo akugogoda uku ndi uku. Kenako kugogoda kunaleka. Patapita kanthawi mutu wake unatulukira.

"A MacAskill, chotupachi anachipanga ndani?"

"Palibe anachipanga. Mphikawu unagwa pa ngolo pochokera ku doko, kalekale. Aliyense amadziwa."

"Anakuuzani ndani?"



"Mphika ukagwa umapindikira m'kati," anatero Ishbel. "Uwu watupira kunja. Tabwerani muone nokha."

Lachlan analowetsa mutu ndi phewa limodzi. Iye anali atalowamo kambirimbiri m'mphikamo kukatsuka, koma wotsuka amayang'ana pansi. Ishbel anawalitsa tochi chopendekera, ndipo kuseri kwa chotupa chija kunaoneka timaenje tambirimbiri, tina pamwamba pa tinzake, tina tophonya kutali.

"Nyundo imeneyo," anatero mayiyo. "Ndipo si wosula ayi. Wosula amamenya motsatana, ngati akuyala njerwa. Uyu ankangomenya. Munali munthu muno, bambo, ndipo sanali pa mtendere."

Tsiku lonse nkhani imeneyi inam'yabwa Lachlan. Anayesa kupukuta magalasi a bokosi limene wisiki amadutsiramo, anayesa kumanga mpope wodontha, koma maso ankangobwerera pa phewa la Nkhalamba. Munthu angalowe m'mphika ndi nyundo n'kumaumenya chifukwa chiyani? Ndipo bwanji palibe anam'chotsa ntchito, kapena kuwongola mkuwawo?

M'mawa mwake anapita ku nyumba ya chimera. Kumeneko ntchito inali isanaime, chifukwa ankakonzeratu chimera choyambira. Balere wonyikidwa anali atayalidwa pansi ponse, atayamba kutulutsa timizu toyera, ndipo Dougal, mnzake wa ku sukulu, ankam'tembenuza ndi fosholo lamatabwa kuti timizuto tisalukane. Kuseri kunkatuluka utsi wa piti, dothi lakuda lija limene amadula m'madambo n'kuumika ngati nkhuni. Utsi umenewo ndi umene umaumitsa chimera n'kupatsa wisiki wa kuno fungo lake.

"Aise, chotupa cha Nkhalamba chija chinabwera bwanji?"

Dougal anatsamira fosholo. "Zaka zonsezi wakhala ukuchisisita ngati mimba ya mkazi wako, lero ndiye ufunse?"

"Tangoyankha."

"Ndi nthawi ya nkhondo. Boma litaletsa kutcheza kuti balere apite ku chakudya, muno munkagona asilikali. Wina analedzera n'kuwomba mfuti."

"Analedzera chiyani, poti kunalibe kutcheza?"

"Iwe, pa Ardskellan panasowapo choledzera? Agogo a agogo athu ankatcheza mobisa m'mapiri umu boma lisanawapatse chilolezo. Nkhondo ikanawaletsa?"

"Si mfuti. Ndi nyundo, ndipo womenyayo anali m'kati."

Dougal anam'yang'ana, nkhope itasintha. "M'kati? Ndiye zimenezo sindikuzidziwa. Kafunse a Hector. Iwo aja anayamba kuno Nkhalamba akadali namwali."

A Hector Galbraith anali wopanga migolo wokalamba amene anapuma ntchito kalekale. Ankakhala pa benchi ya pa doko, ndodo pakati pa miyendo, n'kumadzudzula anyamata mmene amamangira zingwe za maboti. Lachlan anawapeza pomwepo, n'kukhala pambali pawo. Anayamba ndi za nyengo, kenako za bondo lawo, kenako n'kufika pa mphika.

"Unagwa pa ngolo," anatero a Hector msangamsanga. "Hatchi inadzidzimuka pa mlatho. Ndinaona ndi maso angawa."

"Madala, mphikawo unabwera inu musanabadwe."

"Ndiye anandiuza bambo anga. N'chimodzimodzi."

"Wosula wapeza zipsera za nyundo m'kati."

 A Hector anayang'ana panyanja, n'kugogoda ndodo pa thabwa kawiri. Makutu awo anafiira.

"Zinthu zina zinatha kale, mwana iwe. Akutuma ndi amayi ako?"

"Amayi anga? Akulowapo bwanji amayi anga?"

"Ndati unagwa pa ngolo!" Anadzuka movutikira, n'kuyamba kukalipira mnyamata wina amene sanalakwe kanthu.

Lachlan anakwera chitunda cha ku mudzi mutu uli waa. Bambo ake, a Finlay, anagwira ntchito pa Ardskellan moyo wawo wonse, ndipo anamwalira iye atakwatira kale. Anali munthu wa mawu ochepa, mkulu wa mpingo, wosaseka pagulu. Amayi ake, a Effie, anali moyo, zaka zitapitirira makumi asanu ndi atatu, ndipo ankakhala okha m'kanyumba koyang'anizana ndi machumuni a Ardskellan. Lachlan ankadya nawo Lamulungu lililonse. Ankaganiza kuti palibe chimene sadziwa za iwo.

Anawapeza kuseri kwa nyumba akukumba mbatata, atavala jombo zazikulu za malemu amuna awo.

"Lero si Lamulungu," anatero osadzutsa mutu. "Wathamangitsidwa ku nyumba?"

"Ayi, Amayi. Ndachokera kwa a Hector."

"Akadali moyo?"

"Ndinawafunsa za chotupa cha Nkhalamba. Akuti kodi mwandituma ndinu."

A Effie anazika foloko yokumbira m'dothi, n'kuwongola msana pang'onopang'ono. Anam'yang'ana mwana wawo nthawi yaitali, kenako n'kuseka kaphwete kamodzi.

"Hector ndi wamantha mpaka lero. Tenga ndowayo, uzitola. Sindingaime chabe n'kumalankhula."

Lachlan anagwada m'mzere, mawondo akulira, n'kuyamba kutola.

"Anamenya ndi bambo ako," anatero a Effie.

Mbatata inam'pulumuka m'manja. "Bambo?"

"Uli ndi ena? Masiku amenewo ankasonkha malasha pansi pa mphika, ndipo m'kati munali unyolo wa mkuwa wozungulira, wopalira zopserera. Unyolowo unaduka. Inali nyengo ngati ino, moto atazimitsa, ndiye anatuma bambo ako kuti alowe ndi nyundo akaulumikize. Sabata imeneyo ndi imene ankayenera kukwatira."

"Ukwati wanu unali wa m'nyengo yozizira. Pa chithunzi chija pali chipale chofewa."

"Ndati ankayenera kukwatira. Sindinati kukwatira ine."

Lachlan anakhala pansi m'dothi momwemo.

"Ankakwatira Morag, mlongo wake wa Hector. Mtsikana wokongola, tisanamizane. Tsitsi lofika m'chiuno. Ine ndinali wantchito ku nyumba ya bwana wa nthawi imeneyo, manja otupa ndi sopo. Tola, iwe, usangondiyang'ana."

Anatola.

"Ukudziwa mwambo wathu. Mnyamata akatsala pang'ono kukwatira, anzake amam'gwira, kum'paka mwaye ndi manyuchi ndi nthenga, n'kumuyendetsa m'mudzi pa ngolo. Bambo ako anali ndi mphamvu ngati ng'ombe, ndipo anali atanena kuti palibe adzam'gwire. Ndiye Hector ndi anzake ataona kuti walowa m'mphika, anati apa tam'peza. Anatseka kachitseko kaja n'kumanga, kuti akatenge mwaye. Anati abwera pompano."

"Ndiye sanabwere?"

"Sitima ya malasha inafika. Kapitawo anakuwa kuti aliyense ku doko madzi asanaphwe. Hector ankaganiza kuti wina wam'tsegulira, winayo ankaganiza kuti ndi Hector. Anatsitsa malasha kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka."

Lachlan anaganiza za m'kati mwa Nkhalamba. Ngakhale kachitseko kali kotsegula, munthu ukalowamo umamva mpweya wako womwe ukukubwerera.

"Ine ndinkachapa nsalu kuseri kwa nyumba ya bwana," a Effie anapitiriza. "Ndinamva kulira kwa mphikawo, guu, guu, ngati belu lomira m'madzi. Ndinati akukonza. Koma wokonza amapuma, amayatsa fodya. Uku kunalibe kupuma. Kenako kunayamba kufooka. Kenako zii. Ziiyo ndi imene inandiopsa. Ndinasiya nsalu m'beseni n'kuthamanga."

"Munatsegula nokha?"

"Ndinathyoka chikhadabo ichi, sichinamerenso bwino. Nditatsegula, sanatuluke. Anali atakhala pansi, nyundo ili m'manja, akunjenjemera thupi lonse. Manja ali magazi. Mwamuna wamkulu ngati uja, akulira ngati mwana. Iye mwini sankadziwa kuti amaopa malo otsekeka. Anadziwira momwemo."

"Ndiye munatani?"

"Ndikanatani? Ndinalowetsa dzanja n'kumuuza kuti gwirani. Anagwira. Sanalisiye mpaka kunjenjemera kutatha. Ndinam'patsa madzi, n'kum'manga manja ndi epuloni yanga. Anyamata aja anabwera akuthamanga atakumbukira, nkhope zili bii ndi malasha, n'kum'peza maso akadali ofiira. Pofika madzulo mudzi wonse unali utamva kuti Finlay MacAskill analira m'mphika."

A Effie anakumba phando lina, n'kugwedeza dothi.

"Morag atamva anaseka. Sanali woipa mtima, anali mwana chabe. Anaseka pamaso pa anthu, pa sitolo, n'kunena kuti ndiye adzam'gulira kandulo. Bambo ako anali pakhomo pa sitoloyo.  Mawa lake anapita kwa makolo a mtsikanayo, chipewa m'manja, n'kunena kuti ukwati kulibe."

"Chifukwa cha kuseka kokha?"

"Unkawadziwa bambo ako."

Lachlan anavomera ndi mutu. Ankawadziwa, kapena mpaka tsiku limenelo ankaganiza choncho.

"Panapita miyezi asanandilankhule. Kenako tsiku lina anabwera ndi epuloni yanga, yochapa, yosita moipa. Anati, Effie, iwe sunaseke. Ndinati panalibe choseketsa. Anaima pamenepo akutembenuza chipewa mpaka ndinamuuza kuti ngati akufuna kunena kanthu anene, nsalu zikundidikira."

"Nanga bwana sanakalipe za mphikawo?"

"Anakalipa. Koma kuitana wosula kunali kutali, ndipo moto unkayenera kuyaka. Anati adzawongola chaka chamawa. Chaka chamawacho wisiki anatuluka bwino, ndiye palibe anafuna kugwirapo. Za ngolo zija anayambitsa ndi Hector, chifukwa cha manyazi. Anthu anazilandira pom'lemekeza bambo ako, makamaka atakhala mkulu wa mpingo. Ana anakula akumva za ngolo, basi zinakhala zoona."

"Ndipo inu simunandiuze."

"Unafunsa?"

 Chidwi chinam'gwiranso Lachlan. "Morag anapita kuti?"

"Ku Canada. Anakwatiwa ndi mwamuna wogulitsa mathirakitala. Ankanditumizira khadi pa Khirisimasi mpaka anamwalira. Ndowa yadzaza iyo, katenge ina."

Ishbel anali asanachoke pa chilumba. Lachlan anam'peza akujambula chotupa chija pa pepala lopyapyala limene analimata pa mkuwa. Sanamuuze zonse. Anangonena kuti womenyayo anali bambo ake, kuti anzawo anawatsekera mwangozi, ndi kuti iye wazimva dzulo lomweli.

Mayiyo anaika pensulo kukhutu. "Ndiye ndikuuzeni, a MacAskill. Ine ndikamenya, dzanja langa lidzafuna kukongoletsa. Lazolowera. Phewalo ndidzabwera nalo losalala, mudzamenye ndinu. Ine ndidzaima panja n'kumakuuzani pofika."

"Kodi inu mukukhulupirira kuti chotupachi chimasintha kukoma?"

"Sindikudziwa. Ndasula miphika yambiri, ndipo sindinaonepo iwiri yotulutsa wisiki wofanana, ngakhale ndiiyeze chotani. Mwina chimasintha. Mwina chimene chimasintha ndi mtima wa bwana wanu."

Phewa latsopano linafika masamba atayamba kufiira. Ishbel ndi amuna awiri a ku ntchito kwake anadula lakale, n'kukweza latsopano ndi maunyolo, n'kulilumikiza. Linkawala ngati ndalama yatsopano, ndipo Nkhalamba inkaoneka yachilendo. Mayiyo anajambula mkombero ndi choko kunja ndi m'kati, n'kupatsa Lachlan nyundo.

Lachlan analowa. Ataima pansi pa mphikawo anayang'ana kachitseko, kamene kanali kuwala kokhako.

"Tatsekani pang'ono," anatero.

"Mwatsimikiza?"

"Tsekani. Ndikagogoda katatu mutsegule."

Kachitseko kanatsekeka. Mdima wake sunali ngati wa m'nyumba. Unali wolemera, wonunkha mkuwa, ndipo phazi likangosuntha phokoso linkazungulira n'kum'bwerera kumsana. Anayesa kutambasula dzanja, osaliona. Iye sankaopa malo otsekeka, komabe anamva mtima ukuyamba kuthamanga, malaya akumata pamsana. Anaganiza za mnyamata wamphamvu uja, wotsala masiku ochepa kukwatira, akuitana mayina a anzake mmodzimmodzi. Anaganiza za munthu yemweyo atakalamba, atakhala kumutu kwa tebulo akudalitsa chakudya ndi mawu ouma. Kwa nthawi yoyamba anthu awiriwo anakhala munthu mmodzi m'mutu mwake.

Anagogoda katatu. Kuwala kunalowa pamodzi ndi nkhope ya Ishbel.

"Muli bwino?"

"Ndili bwino. Walitsani apa."

Anamenya. Kulira kwake kunatuluka m'nyumbamo, kudutsa mosungira migolo, mpaka ku doko. Dougal anasiya fosholo n'kubwera kudzaonerera. Ishbel ankakuwa ali panja, dzanja lili pa mkuwa: "Kumanzere! Pamwamba pang'ono! Musanyengerere, bambo, menyani!" Lachlan anamenya mpaka mapewa anayaka moto, ndipo atatuluka makutu ankangolira. Chotupa chinalipo, chopendekera pang'ono kusiyana ndi chakale. A Drummond anachizungulira, kuchisisita, n'kunena kuti chafanana ndithu.

Moto unayaka sabata yotsatira. Wisiki woyamba atatsika m'bokosi la magalasi, woyera ngati madzi, Lachlan anadikira kuti mutu udutse, n'kutembenuzira mtima kumene umapita. A Drummond anathira pang'ono m'kapu, kuthiramo madzi, n'kununkhiza nthawi yaitali.

"Ndi yemweyo," anatero, mpweya uli phuu. "Iwe ukuti bwanji, Lachlan?"

Lachlan ananunkhiza. Utsi unalimo, ndi kafungo ka zipatso kaja. Mwina munali kena kake kakang'ono kosiyana, mwina inali mphuno yake chabe. Mkuwa watsopano umakhala ndi ukali wake miyezi yoyamba. Yankho lenileni linali m'migolo, ndipo migolo ya Ardskellan imagona zaka khumi ndi kupitirira isanatsegulidwe. Pofika nthawiyo iye adzakhala atapuma, wotcheza ali wina.

"Tidzamva kwa amene adzakhalepo, bwana," anatero.

Lamulungu anapita kukadya kwa amayi ake. A Effie anaphika nyama ya nkhosa ndi mbatata zija, ndipo anadya osalankhula zambiri. Akuchotsa mbale, a Effie anati, "Ndinakumva tsiku lija. Ndinali pa chingwe cha zovala."

"Zinamveka mpaka kuno?"

"Mpaka kuno. Dougal akuti unawauza akutsekere."

"Pang'ono chabe."

"Unalira?"

"Ayi, Amayi."

"Unakhalamo nthawi yaitali bwanji?"

"Kanthawi kochepa."

"N'chifukwa chake," anatero a Effie. Anam'patsa nsalu yopukutira mbale, iwo n'kutsegula mpope wa madzi otentha.